Nyali ya Oyilo Inali Isanazime

Loweruka adada anasintha fyuluta yosefa oyilo ya thirakitala ya abwana awo ku Manyamula, chifukwa oyilo ankachedwa kukwera mu injini. Anandikweza pampando.

"Tiwonge, liza injini. Nyali yofiirayo ikazima undiuze, ine ndikuyang'ana pansi pano."

Anyamata a m'kalasi mwathu anaima pamsewu, akuseka kuti dalaivala wavala siketi. Ndinkangofuna kutsika.

"Yazima, adada," ndinatero, iyo ikuyakabe.

"Yewo, mwana wane," anathokoza adada.

Anawonjezera moto ali pansi pomwepo. Injini inabangula oyilo asanafike, kenako inayamba kugogoda ngati munthu pachitseko.

Abwana anawalanda adada makiyi a thirakitala. Adada amauza aliyense kuti iwo ndiwo anamanga fyuluta molakwika. Ine ndimawapatsira madzi osamba nditazyolika, ndipo sanandifunsepo chilichonse.