Katundu Amene Ndinabisira Alamu Anga

Ndine mayi wamasiye. Sitolo yanga ya ku Santhe inapsa ndili pa inshuwalansi, koma mpaka lero sindinathe kuidzutsa. Inu owerenga, musathamangire kunyoza a inshuwalansi. Chinandipweteka ndi pakamwa pangapa.

Ndinkagulitsa feteleza, ziguduli ndi zingwe zomangira mabelo a fodya. Sitoloyo ndi imene inkaphunzitsa mwana wanga Tadala, yemwe anali atangoyamba sukulu ya unamwino. Nditalowa inshuwalansi, kunabwera bambo wina wa inshuwalansiyo kudzaona katundu yense kuti adziwe mtengo wake. Tsoka ilo, anapeza alamu anga, akulu awo a malemu amuna anga, atakhala pabenchi m'sitolomo.

Mukudziwa mmene timayankhira kwathu kuno. Munthu akakufunsa za geni pamaso pa achibale, umangoti tikuyesera pang'onopang'ono. Ukanena zoona, mawa lake amakulawirira ndi mavuto awo onse, ena n'kumanong'ona kuti unakhwima. Choncho bamboyo atafunsa za chipinda chakumbuyo, ndinati muli matumba opanda kanthu. Chonsecho munali feteleza mpaka kudenga, sikelo yatsopano ndi mabatire a sola. Anafunsanso kachiwiri. Ine ndinaseka, n'kunena kuti amasiyefe tingazitenge kuti. Ndinadziona wochenjera kwabasi, makamaka nditamva kuti ndizilipira zochepa.

Moto unabwera masanasana m'nyengo yotentha, kuchokera kutchire kumene anthu ankasaka mbewa. Kunali chimphepo. Pamene anthu ankafika ndi ndowa, denga linali litagwa kale.

A inshuwalansi sanazembe ayi. Analipira ndithu, koma analipira kasitolo ka mayi wosauka kamene ndinawaonetsa kaja. Ndinapita ku ofesi yawo ku Kasungu, ndinalira, ndinalumbira. Anandimvera chisoni, koma kwa iwo m'chipinda muja munapsa matumba opanda kanthu, monga ndinanenera mwini wakene. Tadala anabwerera kunyumba chaka chisanathe. Zimenezi zimandiwawa kuposa motowo, chifukwa mwanayu sanalakwe chilichonse.

Amene anabwera ndi ngolo kudzandithandiza kuchotsa malata opsawo anali alamu omwe aja. Tikupuma pamthunzi anati, “Mlamu, tsiku lija munandidabwitsatu. Feteleza uja tonse tinamuona akutsitsidwa m'lole. Ndinangokhala chete poopa kukuchititsani manyazi pamaso pa mlendo.”



Inu owerenga, wa inshuwalansi akabwera, mutsegulireni chitseko chilichonse, ndipo mutchule mtengo weniweni wa chinthu chilichonse, ngakhale sikelo. Ngati pali achibale, apatseni ulemu wawo, koma nkhaniyo mukakambire kuseri. Ine ndinabisira chuma munthu amene ankachidziwa kale. Pa Santhe ponse, amene anakhulupirira kuti ndine wosauka anali mmodzi yekha, yemwe uja anayenera kudzandilipira.