Mwana Wopanda Dzina ndi Kompyuta ya Abambo

Ndikukumbukira Okutobala wina kwathu ku Maseya, ndili Sitandade 7, dzuwa likuotcha moti mbuzi zinkakana kutuluka pansi pa nkhokwe. Mwezi umenewo achemwali anga a Felesiya anabereka mwana wamkazi ku Joni, kumene anapita ndi amuna awo, alamu a Tomasi. Amayi anali atatha zaka asanawaone achemwaliwo. Ankangomva mawu pafoni, ndipo foni ya ku Joni masiku amenewo inali yolankhula mofulumira, moni asanathe mayunitsi atha.

Alamu anali Asena a ku Nsanje, ndipo kwawo dzina la mwana limachokera kuchimuna. Koma pofuna kulemekeza apongozi awo, anati mwana woyambayu amutche dzina ndi Amayi. Anangopempha kuti dzinalo lifike Lamulungu lisanakwane, tsiku lopita ndi mwana kutchalitchi, apo ayi abale awo anali nalo kale lawo. Amayi anavomera, koma anaikapo lamulo. "Ine sindingatche munthu amene sindinamuone nkhope," anatero. "Ndimuone kaye."

Achemwali anatumiza zithunzi pa imelo ya Abambo. Abambo anali kalaliki ku esiteti ya nzimbe, ndipo anagula kompyuta yakale pamene ofesi yawo inkagulitsa katundu wotha ntchito. Chinali chibokosi cholemera, choyera mofuwirira, chomwe chinkalira ngati chigayo chakutali. Chinkakhala pabalaza chitafunda chitenje cha Amayi chifukwa cha fumbi, ndipo lamulo la pakhomo linali lakuti ukamaliza uzule pulagi kukhoma, poti mphenzi inapsereza wailesi yakanema ya aneba chaka china. Intaneti tinkaipeza ndi dongulo, kachipangizo konga chala kolowetsamo simukadi.

Abambo anagula bandulo, tonse tinasonkhana, Amayi atavala mpango wa kutchalitchi ngati kukubwera mlendo. Tsamba la nyuzi linatseguka bwinobwino. Tsamba la zigoli za mpira nalonso linatseguka. Koma la imelo linakana. M'malo mwake munabwera chenjezo lofiira la Chingerezi lonena kuti malowo ndi osadalirika, ndipo ngakhale Abambo anadina paliponse podinika, silinasunthe.

Abambo anali munthu wosavomera msanga kuti chinthu chawakanika. Anagamula kuti vuto ndi netiweki, yomwe inkathera pamwamba pa mapiri osafika kuchigwa kwathu kuno. Anabwera ndi waya wautali, n'kumangirira dongulo kunsonga ya nsungwi, monga ankachitira ndi eriyo ya wailesi, n'kuitulutsa pawindo. Anthu odutsa pamsewu ankaima kufunsa ngati tikuthyola mango. Zigoli za mpira zinayamba kubwera mofulumira kwambiri, koma imelo ayi.

Tsiku lotsatira Amayi anapereka maganizo awo. Anagwira chibokosicho ndi dzanja n'kunena kuti chatentha thupi, ndipo palibe chomwe chingagwire ntchito ndi kutentha kwa kuno. Anapachika chiguduli chonyowa pawindo, ine n'kundipatsa lichero kuti ndizikupiza. Ndinakupiza mpaka mapewa kuwawa, thukuta likundilowa m'maso, ndikumva fungo la chiguduli ndi la mlamba wouma umene unali pamoto kukhitchini. Ndinakwiya nacho chibokosi chimenecho kwambiri. Ine ndikamadwala malungo sankandikupiza choncho.

Masiku ankapita, ndipo Amayi anasiya kuseka nazo. Madzulo ankakhala pakhonde akusenda nandolo, ndipo ndinkadziwa kuti mtima wawo uli ku Joni. Abambo anawauza kuti angosankha dzina lililonse labwino, mwana ndi mwana. Amayi anangopukusa mutu. Iwo sanathe kukasunga mwana wawo m'chikuta, sanamuphikire phala, sanamusambitse mdzukulu. Chomwe chinawatsalira chinali dzina lokhali, ndipo sanafune kuliponya mumdima.

Loweruka m'mawa, Amayi atapita kudimba kumtsinje wa Shire, alamu anaimba foni. Ndinawawerengera chenjezo lija liwu ndi liwu ndi Chingerezi changa chapulaimale. Iwo anafunsa mnzawo wina wa kuntchito, kenako anabwereranso.

"Mlamu, taona pansi kudzanja lamanja. Deti ikuti bwanji?"

Ndinayang'ana. Kompyuta inkati tili pa tsiku loyamba la Januwale, chaka chakalekale, ine ndisanayambe n'komwe sukulu.

"Vuto lina nkhabe, palibe, ndi lomwelo," anatero alamu. Anafotokoza kuti masamba otetezedwa, monga a imelo, amakhala ndi chiphaso chokhala ndi madeti, ndipo kompyuta ikasochera tsiku imachikana chiphasocho. Anandiuza podina. Ndinakonza tsiku, mwezi ndi chaka, ndipo tsamba la imelo linatseguka mwakachetechete ngati silinatizunzepo.

Ndinawasiya Abambo akulemba mawu awo achinsinsi ndi chala chimodzi, ine n'kuliyatsa liwiro la kudimba, mchenga ukuotcha kumapazi. Amayi anasiya khasu pamzere pomwepo. Tikubwerera, kumwamba kunada, mabingu a chizimalupsa anayamba kugunda cha ku mapiri. Pofika kunyumba tinapeza Abambo atazula pulagi, atafunditsa chitenje bwinobwino, ataima pakhomo monyadira kuti apulumutsa katundu. Zithunzi anali asanazitsegule, ankadikira kuti tionere limodzi.

Mabingu atadutsa tinayatsanso. Chenjezo lofiira lija linabwerera, ndipo pansi kudzanja lamanja tinali titabwereranso mu Januwale. Pambuyo pake tinadzamva kuti mkati mwa chibokosicho muli kabatire konga batani la jekete, kosunga nthawi magetsi akazima. Kathu kanali katatha kalekale, choncho lamulo lathu lozula pulagi ndi lomwe linkaiiwalitsa kompyuta tsiku. Amayi anakhala pampando, miyendo ili matope okhaokha. Ine ndinakonzanso deti.

Chithunzi chinayamba kutsika pang'onopang'ono kuchokera pamwamba. Poyamba tinaona kachipewa koluka. Kenako chipumi chotakata, kenako nsidze. Chinaima pamenepo nthawi yaitali, mvula ikugogoda malata, fungo la fumbi lonyowa likulowa pawindo. Maso atatulukira, Amayi anasendera pafupi, anapukuta dzanja pachitenje, n'kukhudza galasi.

"Uyu ndi Luwiza," anatero chapansipansi. Luwiza anali mng'ono wawo amene anamwalira ali mtsikana. Chibwano chisanafike n'komwe, anauza Abambo kuti aimbire ku Joni. Alamu anangothokoza m'Chisena kuti, "Takhuta, apongozi," ndipo Amayi, amene mwa mwambo sankalankhulana nawo mwachindunji, anayankhira kwa Abambo.

Lero zonsezi zimamveka ngati nthabwala. Foni yam'thumba imadziwa yokha tsiku, ndipo mwana akabadwa ku Joni agogo ake amamuona akulira asanasambe n'komwe. Nsungwi, chiguduli ndi lichero palibenso amene angazifune. Koma ndimalisowa balaza lija, tonse titaunjikana pagalasi limodzi, Abambo akudziwa zonse, Amayi ali moyo.

Mapepala a achemwali okhalira ku Joni sanali olongosoka, ndipo chaka chilichonse ankati abwera chaka chamawa. Amayi anamwalira Luwiza asanayambe sukulu, osamunyamulapo ngakhale kamodzi. Luwiza anafika ku Maseya koyamba ali namwali wamtali kuposa ine, Chichewa chikumuvuta. Ndinamugwira dzanja n'kupita naye kumanda, ndipo titaima pamenepo mawu onse amene ndinakonza anandithawa. Ndinangoti, "Amayi, Luwiza wanu uja ndi uyu."