Mabala Awiri a Mtengo wa Landilodi

Fungo la utuchi wonyowa likangondipeza, ngakhale ndili m'basi, ndimaona agogo anga aamuna ali pamwamba pa makwerero kuseri kwa nyumba imene tinkachita lendi ku Edmonton, mumzinda wa London, sowo ili m'manja, jekete la bambo likuwafika m'mawondo, ine ndili pansi mtima uli m'mwamba.

Ndinali ndi zaka khumi. Agogo anabwera kudzationa kuchokera ku Zimbabwe, kumene anakalambira pafamu akudulira mitengo ya malalanje, ndipo kukhala manja lende sankakudziwa. Kuseri kwathuko kunali chimtengo cha mepulo, chachitali kuposa nyumba. Landilodi wathu, mzungu wachikulire wosaseka, anatiuza tsiku lolowa kuti anaubzala ndi malemu bambo ake, ndipo woukhudza adzasamuka. Mayi ankatiletsa ngakhale kumangapo chingwe choyanikira zovala. Nyumbayo tinaipeza movutikira, titagona chaka chathunthu anthu anayi m'chipinda chimodzi.

Mu Febuluwale kunawomba chimphepo chimene chinathyola nthambi ziwiri zazikulu n'kuzisiya zikulendewera pamwamba pa mpanda, khungwa litang'ambika. Mayi anaimbira landilodi, koma anali kunja kwa dziko. Popita kuntchito mayi anatsindika kuti munthu asayerekeze kugwira mtengowo. Agogo anavomera ndi mutu. Chitseko chitangotsekeka, uyo, anakabwereka sowo ndi makwerero kwa aneba.

Ndinawachonderera mpaka misozi. Iwo anangoti bala long'ambika limawoletsa mtengo, ndiponso kufamu ankadulira nthawi yozizira ngati imeneyi, mitengo ili mtulo. "Uziyamba kucheka pansi pa nthambi, mdzukulu wanga, kenaka pamwamba. Ukatero khungwa silitsatira nthambi ikamagwa." Anacheka mosathamanga, sowo ikulira, utuchi ukundigwera m'tsitsi, makwerero akugwedezeka chifukwa wowagwira ndinali ine. Ndowe ya ng'ombe yomatira mabala akanaipeza kuti mu London muno? Anakanda dothi la m'dimba n'kumata, natsika akumwetulira.

M'mawa mwake dothi lonse linali litakokoloka. Mabala aja ankachucha madzi, dontho ndi dontho, kutsetsereka ndi thunthu mpaka pansi kuchita chinyezi, pamene mvula sinagwe. Agogo sankadziwa kuti mtengo wa mepulo umadzuka msanga, kunja kukadazizira, ndipo ukaudula nthawi imeneyo umataya madzi. Malalanje awo anali asanawachitepo zoterezi. Anamatanso, dothi linakokolokanso. Anang'amba chitenje chakale cha mayi n'kumangapo, chinanyowa chonse.

Mayi sanakalipe, bola akanakalipa. Ankangoima pawindo la kukhitchini n'kumafufuza nyumba za lendi pafoni. Agogo anasiya kudya bwino. Tsiku lina pochokera kusukulu ndinawapeza atagwira thunthu ndi manja onse awiri, ndipo osanditembenukira anati, "Ndapha mtengo wa eni ake. Ndakuthamangitsitsani m'nyumba." Ndinaopa kwambiri, chifukwa ndinali ndisanaonepo agogo akukayikira manja awo.

Patatha masabata atatu visa yawo inatha, ndipo ananyamuka mtengo ukadachuchabe. Pabwalo la ndege anandikokera pambali n'kundipatsa ntchito yoti ndiziwayang'anira mabala aja m'mawa uliwonse. Ndinkathamangira kuseri ndisanasambe n'komwe. Belu la pakhomo likalira, ndinkangoganiza kuti ndi landilodi wabwera ndi kalata.

Anabweradi mu Epulo, madzi atauma, timasamba tatsopano titayamba kutuluka. Anaima pansi pa mtengowo nthawi yaitali atakweza mutu, mayi ali kumbuyo kwake akupotokola nsonga ya juzi. Kenaka anafunsa kuti tinaitana kampani iti, chifukwa wodulayo ankaidziwa ntchito yake. Mayi anayankha motsitsa kuti anali bambo awo. Za kusamuka landilodiyo sanatchule.

Tsiku lomwelo tinaimba foni ku Zimbabwe, ine ndikulankhula mothamanga kuti sitikusamuka. Agogo anangofunsa kuti, "Nanga mtengowo waleka kulira?" Ndinati waleka. Anandifunsanso kachiwiri, ndinalumbira.

Anamwalira chaka chotsatira asanabwerenso. Ife tinachoka m'nyumbamo kalekale mwa kufuna kwathu, ndipo tsopano ndimakhala ku Ilford, komabe Febuluwale aliyense ndimakwera basi kukasuzumira pampanda uja. Khungwa linakula n'kutseka mabala onse awiri, panangotsala timitumphu tiwiri toti wosadziwa sangatione. Agogo sanazione zimenezi. Ndimawaonera ndine, pakuti ntchito imene anandipatsa pabwalo la ndege ija sanandiuze tsiku loileka.