Jekete ya Amuna Awo a Mangalamba

Pa damu pomwe anthu amakapitidwa mphepo Loweruka, panali mayi wina woyendetsa boti amene aliyense ankangomutchula kuti a Mangalamba. Dzinali linabwera chifukwa cha pakamwa pawo: sankatopa kunena kuti manga lamba. Munthu asanaponde m'boti ankamuveka jekete yoyandamitsa, n'kukoka malamba mpaka maso atong'oke. M'mawa uliwonse ankayamba aona nangula, nkhafi, chozimitsira moto ndi chokapira madzi, kenaka n'kuliza wezulo kuti amve ngati ikadali ndi mawu. Lamulo limatero, koma iwo ankalisunga ngati analemba okha. Ine ndimawanyadira, chifukwa anakalambira pamadzi osatayapo munthu ngakhale mmodzi.

Chinkawadya mumtima chinali chimodzi. Amuna awo, wophika buledi, anali asanakwerepo botilo. Bamboyo ankalawa ntchito yake mokhulupirika kwambiri, moti jekete yaikulu kuposa zonse m'masitolo inkangothera m'nthiti, malamba akuyang'anizana patali. Ankabwera ndi mabanzi, kukhala pa benchi, n'kumaonerera akazi awo akutengeza anthu achilendo.

"Mayi, inetu ndikhoza kuyandama ndekha," ankatero akusisita mimba.

"Mukayandamire m'bafa, bambo. Muno ayi."

Maso a Mangalamba atayamba kuchita chifunga, anadziwa okha kuti chiphaso chawo sachiwonjezeranso, ndipo ananena tsiku losiya ntchito. Bamboyo anangoyamba kupita kuntchito wapansi, tiyi n'kumamwa wopanda shuga uku akukwinya nkhope. Akazi awo ankaganiza kuti adokotala awaopseza.

Tsiku lomaliza, ulendo wotsiriza utatsala pang'ono kunyamuka, bamboyo anadzuka pa benchi paja n'kukaima pamzere ngati mlendo aliyense. A Mangalamba anatenga jekete yaikulu ija ali ndi nkhawa, chifukwa ankadziwa kuti ikakana, awabweza pamaso pa anthu, ndipo mwayi wina sudzakhalaponso.

Lamba wam'mwamba analowa. Wapakati analowa movutikira. Wapamimba anatsala pang'ono, ndiye bamboyo anakoka mpweya, nkhope n'kufiira, chomangira n'kulira kuti khethe.

Mwana wawo wamkazi, amene anabwera kudzajambula, anayamba kuwomba m'manja.

"Taima kaye iwe," anatero mayi ake. "Bambo, tulutsani mpweya."

"Amayi, chonde, lero lokha," anadandaula mwanayo.

"Madzi sadziwa kuti lero n'lomaliza. Tulutsani, bambo. Munthu akamamira sakoka mimba."

Bamboyo anatseka maso n'kupuma. Mimba inabwerera pamalo pake, malamba anakungika, ulusi n'kulira pang'ono. A Mangalamba anagwira jeketeyo m'mapewa n'kuikokera m'mwamba mwamphamvu monga ankachitira ndi aliyense. Sinasunthe.

"Khalani pakati," anatero a Mangalamba. "Musaimirire."

Boti litachoka pagombe, mwamuna wamkulu uja anagwiritsa benchi ndi manja onse, mantha ali poyera. Koma atafika pakati pa damu anasiya kuyang'ana madzi. Ankayang'ana akazi awo ali chilili pachiwongolero, akudula mafunde mwaluso lomwe iye kumtunda kuja sankaliona. Anakodola mlendo amene anakhala naye pafupi.

"Achimwene, mukuwaona akuyendetsawa? Ndi akazi anga amenewa."

A Mangalamba anamva. Anapukuta m'maso ndi mkono, ndipo m'malo mokhotera kugombe anazunguliranso damu lonse.