Sikelo ya a Mbewe

Ntchito yanga yoyamba inabwera ndi gudumu lopindika. A Mbewe, mwini esiteti ya fodya kufupi ndi Nsaru, galimoto itawafera panjira, ndinawakweza pa njinga ya malume. Gudumu lakumbuyo linasanduka nambala 8. Wokayika apite akaone, likadali padenga. Titafika wapansi anandifunsa kuti, "Umatha kuphika?" Ndinati eya, n'kukhala khukhi.

Bambowa anali ndi thupi moti kutchalitchi ankawerengedwa ngati banja lathunthu. Koma magazi ankathamanga, miyendo n'kumatupa. Adokotala ku Lilongwe anawayeza kulemera ndi kutalika, anafunsa zaka, kenako anandiitana ine wophika.

"Thupi lili ngati balani ya fodya," anatero. "Limadya nkhuni ngakhale mwini ali mtulo. Nkhunizo ndiye makalori. Pali mlingo woti moto usazime, pamenepo musatsikepo. Mungochepetsa pang'ono pa zimene amawotcha tsiku lonse." Zonse analemba papepala.

Zida zanga zinali sikelo yaing'ono, kapu ya mizere ndi supuni imodzi yoyezera mafuta. Ufa ndinkayeza madzi asanawire, nyama ndinkaisenga mafuta, masamba ndiye ndinkadzaza mbale. Mitanda ya nsima isanu ndi iwiri inatsika kufika pa iwiri. Sabata yoyamba bwana ankayang'anitsitsa nkhuku zamoyo mpaka zinasamukira kwa aneba. Ndikulumbira.

Patatha miyezi inayi ndinali nditaboola lamba wawo kawiri ndi msomali. Ankafika kumabalani wapansi osapumira panjira. Koma zinali zaka zija zoti munthu akaonda anthu sankafunsa za sikelo. Ankangoti ndi matenda aja, n'kuyamba kuyang'ana mkazi wake.

Lamulungu lina a Mbewe ndi akazi awo anabwerako msanga kutchalitchi. Pa benchi yawo sipanakhale munthu, ndipo mayi wina anali atagwira dzanja akazi awo n'kunena pepani. Mlongo wa bwana, a Nambewe, analunjika kukhitchini.

"Iwe, chakudya cha achimwene ukuyeza ngati feteleza? Mukubisa chiyani nyumba ino?"

Ndinawapatsa pepala la adokotala. Analibweza osaliwerenga.

Mayi, akazi a bwana, anali akulira kuchipinda. A Mbewe analowa m'khitchini, ananyamula sikelo n'kuiika pamwamba pa kabati.

"Thira mafuta," anatero. "Njala ndaipirira. Koma mkazi wanga asamalozedwe chala."

"Bwana, nanga magazi aja?"

"Magazi sanena miseche pamsika. Thira."

Ndinathira, ndi dzanja langa lomweli. Thupi linabwerera msanga kuposa mmene linachokera, anthu nawonso anabwerera pa benchi. "Mwachira eti, a Mbewe?" Chaka chotsatira, fodya asanapite ku okushoni, anagwa pakhomo la shedi, mbali imodzi itafa. Anakhala masiku atatu osalankhula, basi.

Bokosi ananyamula amuna asanu ndi atatu mosinthana. Kumanda ndinamva wina akuti, "Komatu apita ali ndi thanzi." Apa pokha sindikusowa kulumbira.

Sikelo ija mayi anandipatsa, ndipo ndagwira nayo ntchito m'nyumba zina zitatu za odwala shuga ndi magazi. Koma ndisanayeze ufa wa tsiku loyamba, ndimaitanitsa abale onse, alamu ndi akulu a mpingo omwe, n'kuwawerengera pepala la adokotala mokweza, kawiri. Ena amaseka kuti khukhi wasanduka mlaliki. Asekeni. A Mbewe ndinawayezera zonse molondola, koma ndinaiwala kuuza anthu a pa benchi.