Jombo za Bambo Pamwamba pa Kabati

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo anaitanidwa ku uzimba. Tinkakhala kunja, ku Oud Metha, dera lina la mzinda waukulu wa m'dziko la Aluya, ndipo bambo anali injiniya pa kampani ina yomanga misewu. Mnzawo wa kuntchito, mzungu wa ku America, anawapempha kuti pa tchuthi apite naye kumapiri ozizira a kwawo akasake eliki, nyama yaikulu ngati ntchefu koma ya nyanga zanthambinthambi. Bambo, amene uzimba wawo womaliza unali wa mbewa ku Dedza, anavomera tsiku lomwelo.

Amayi sanakondwe. Bambo anali ndi matenda a shuga, ndipo adokotala anali atawachenjeza kuti mapazi awo ayamba kuchita dzanzi, moti kabala kakang'ono kakanatha kuwadulitsa phazi. Madzulo aliwonse amayi ankawayang'ana pakati pa zala ngati akusankha mpunga.

Katundu tinakagula tonse atatu, mwezi wa Ogasiti, kunja kukutentha mochita kuwawula nkhope. M'sitolomo munkanunkha labala ndi chikopa. Mfuti anali nayo mzungu uja, ife tinatenga tenti, thumba logonamo, jekete yokhuthala, masokosi aubweya, kambaula ka gasi ndi tochi yovala pamutu. Pomaliza bambo anasankha jombo zachikopa, zofiirira, zolemera ngati njerwa. Anazinyamula okha mpaka kugalimoto.

Kunena zoona, bambo sanali munthu wosasamala. Chilichonse anachiyesa. Tenti anaikhoma pabalaza, zingwe atazimangirira ku miyendo ya mipando. Anatsegula makina oziziritsa m'nyumba mpaka amayi anafunda chitenje, iwo n'kulowa m'thumba lija kuti aone ngati limafunditsadi. Koma jombo anazibwezera m'katoni, pepala lake lomwe, n'kuziika pamwamba pa kabati.

"Bambo a Tadala," anatero amayi, "mnzanu uja sananene kuti muzizivala tsiku lililonse kuti zifewe?"

"Jombo ngati izi zikathere pa simenti ya kumsika wa Deira? Ndikazivala komweko. Khalas, nkhani yatha."

Tsiku lina ndikuwathandiza kupinda tenti, anandiuza kuti nsapato zawo zoyamba anazipeza atasankhidwa kupita ku sekondale. Popita kutchalitchi ankazikoleka m'khosi, n'kuyenda opanda nsapato mtunda wonse, kukazivalira pakhomo. Anafotokoza akuseka, inenso ndinaseka nawo. Pa nthawiyo ndinkangoona ngati ndi nthano ina ya kumudzi.

Tsiku lobwerera kuchokera ku uzimba kuja tinakawachingamira pabwalo la ndege. Anthu anatuluka, anatuluka, mpaka ndinayamba kutopa. Kenako ndinawaona akukankhidwa pa njinga ya odwala, phazi lamanja litakulungidwa nsalu. Amayi sanalire. Anangogwada pomwepo anthu akuona, n'kununkhiza nsaluyo, nkhope yawo n'kusintha.

Chikopa chouma chija chinawatupitsa matuza pokwera mapiri, koma chifukwa cha dzanzi sanamve kanthu mpaka anaona sokosi itamatirira. Ngakhale ataona, sanamuuze mnzawo. Ankati mlendo sawononga ulendo wa mwini wake. Anapitiriza kuyenda m'chipale chofewa, bala likunyowa. Eliki anangoiona patali, itaima pakati pa mitengo.

Kuchipatala anawadula chala chachikulu ndi choyandikana nacho. Ndimakumbukirabe fungo la mankhwala m'chipindamo, ndi mantha amene ndinali nawo poyang'ana kumapeto kwa bedi. Anthu a kutchalitchi anabwera kudzawazonda, ndipo mayi wina potuluka ananong'oneza mnzake kuti, "Samva anamva nkhwangwa ili m'mutu." Ndinamumva, ndipo mpaka lero mawuwo amandiwawa. Bambo anga sanali a mwano kapena a makani.

Anthu atapita, anandiitana kuti ndikhale pambali pawo.

"Tadala mwanangu, ukagula chinthu choti chikuteteze, usachimvere chisoni. Chigwiritse ntchito chisanafike tsiku lake."

Kenako anawonjezera motsitsa mawu: "Ine ndimaona ngati umphawi ndinausiya ku Dedza."

Bambo sanabwererenso kumisewu. Anawapatsa ntchito ya mu ofesi, ndipo mpaka pano amayenda motsimphina pang'ono. Ine tsopano ndine wamkulu, ndili ndi ana anga, ndipo nthawi zina ndimadzipeza ndikubisa mbale zatsopano kapena kuletsa mwana kuvala malaya ake abwino. Ndikatero ndimaima, mtima n'kundipweteka, chifukwa ndimadziwa komwe khalidweli linachokera. Zinanditengera zaka kuti ndimvetse kuti bambo analakwitsa chifukwa cha kusamala komwe, osati kusasamala. Kumene iwo anakulira, nsapato ndiyo inali yogula. Phazi linali laulere.