Nsalu ya Ababa Inapita ku Idi Popanda Ababa

Pepani akuluakulu, ine si munthu wolembalemba. Sukulu yanga ndi ya kumudzi, ndipo ababa akadziwa kuti ndalemba izi andikalipira. Koma telala wina wa m'tauni ya Mangochi watichita chipongwe, ndipo ndikakhala chete chindidwalitsa. Dzina sinditchula. Mwini wake akudzidziwa.

Ababa aphunzitsa ku pulayimale kwathu ku Lungwena moyo wawo wonse. Chaka chatha anapuma ntchito. Aphunzitsi anzawo anasonkherana n'kuwagulira nsalu ya mkanjo, yotuwa, ya timizere tabuluu. Ababa anaisunga pansi pa sutikesi, ati adzaivala pa Idi. Mkanjo wawo wakale unali utatha m'khosi, amayi atauika zigamba mpaka kusowa polowetsa singano.

Telalayu si mlendo kwa ife. Ababa anamuphunzitsa sitandade 5. Akuyamba kusoka pakhonde la sitolo ndi makina amodzi opalasa, ankamudyetsa ndi aphunzitsi, anamwino ndi makalaliki. Mwezi ukatha ankamupititsira nsalu zawo. Lero ali ndi shopu ya magalasi, sofa, fani ndi mtsikana wolandira alendo. Mulungu amuwonjezere, sitikumuchitira nsanje.

Ramadani isanayambe tinapita ndi ababa kuti akawayeze. Anawalandira ndi manja awiri. Ati aphunzitsi ake sangadikire, pakatha masabata awiri mkanjo ukhala utatha, Inshaala. Tinalipiriratu.

Nthawi itakwana ndinapalasa njinga kuchokera ku Lungwena, ndili pa swaumu, osalawa ngakhale dontho la madzi. Ndinafika cha m'ma 10 koloko. Mtsikana uja anayamba kundiyang'ana kumapazi, ndipo maso ake anathera pa mapatapata anga. Anandifunsa ngati ndine wa ekisipulesi kapena wamba. Ndinati sindikudziwa, ndine mwana wa aphunzitsi. Anaseka. Ati ekisipulesi ndi ya amene amalipira mtengo kawiri, enanu mumadikira panja pa benchi. Sofa ndi ya makasitomala.

Nanga ine ndinali chiyani? Katundu?

Ndinakhala pa benchipo. Pambali panga panali amayi ena, namwino, atafumbata nsalu ya diresi la mwana wawo. Kumapeto kunali bambo wina wa ku ofesi ya zaulimi. Anthu a malipiro a pamwezi, amene kale akadutsa pamsika aliyense ankawapatsa moni. Mkati munkalowa anyamata obwera ku Joni, makiyi a galimoto akuzungulira pa chala. Ena sanabwere n'komwe. Anatumiza miyezo pa foni ali ku Joni komweko, ndipo mikanjo yawo inali itapachikidwa kale m'mapulasitiki. Anamwino aja anandinong'oneza kuti makwerero a dziko lino atsala ndi masitepe awiri okha, ya pamwamba ndi ya pansi. Ya pakati inathyoka ife tili pomwepo.

Itakwana 3 koloko mtsikana uja anandiuza kuti sanasoke chifukwa magetsi azima. Fani ikuzungulira. Mwina imayendera mphepo ya mwera, ine sindinapite patali ndi sukulu.

Ulendo wachiwiri anati abwana apita kumzikiti. Ndinadikira. Kenako abwanawo anatuluka kuseri kwa katani akuyasamula. Ndinawapatsa salamu mwaulemu, n'kupepesa powavutitsa. Inde, wopepesa ndinali ine. Iwo anati ndikauze aphunzitsi asade nkhawa, munthu wopuma ntchito alibe kothamangira.

Idi itayandikira ndinapitanso. Ndinapempha kuti ngati sizitheka angondipatsa nsaluyo, tikayese kwa telala wa pamsika kwathu. Anayang'anana ndi mtsikana uja. Ati nsalu yadulidwa kale, kwangotsala mabatani, atumiza mawa pa matola. Mawa lakelo ababa anakhala pamsewu tsiku lonse. Galimoto iliyonse ikachepetsa liwiro, iwo ankaimirira.

Pa Idi anavala mkanjo wa zigamba uja. Tili pabwalo la swala, mapemphero a Idi, panaima galimoto ya neba wathu wa ku Joni, amene akumanga nyumba yosanja. Munatsika ana ake aamuna awiri. Mikanjo yofanana. Yotuwa. Timizere tabuluu.

Ababa anawayang'ana anawo nthawi yaitali. Kenako anawerama n'kukonza kolala ya wamng'onoyo, imene inali itapindika.

"Mwatchena, ana anga," anatero. "Musaidetse."

Tinabwerera kunyumba. Mpunga wa Idi ababa anangoulawa.

Nditabwerera kushopu, telala sanakane. Ati nsalu ya bwana wa ku Joni uja inachedwa m'njira, ana akanalira, ndipo ya aphunzitsi ndi imene inali pafupi. Ati aphunzitsi ndi munthu womvetsa zinthu. Ati adzawagulira ina yofanana.

Ndinafunsa: "Pepani, kodi ikanachedwa ya aphunzitsi, mukanadula ya bwanayo?"

"Iwe mwana, usandiphunzitse ntchito. Nsalu ndi nsalu."

Nsalu ndi nsalu? Ina yofananayo mukaigula kuti? Ilipo sitolo yogulitsa zaka zimene ababa anameza fumbi la choko? Tepi yoyezera imene mwaikoleka m'khosiyo, manambala ake anakuphunzitsani ndani? Kumvetsa zinthu kunasanduka ntchito ya anthu a pabenchi okha? Ndiyankheni, abwana, ine ndine wamba, ndidikira.

Inu aphunzitsi, anamwino ndi makalaliki, ndikukupemphani mwaulemu. Mukaona shopu ya sofa ndi benchi, musasiyemo nsalu yanu. Ikakhala yokongola, ali nayo kale mwini wake.

Ndikutuluka m'shopumo tsiku limenelo, mtsikana uja anandipatsa kajumbo. Ati mphatso ya aphunzitsi, chisoti chosokedwa ndi zidutswa zotsala, ndipo chimenecho salipiritsa. Taonani chifundo.

Ababa anachiyesa. Sichinalowe, chinali cha mutu wa mwana. Ndinati ndichibweze. Anakana. Anachipinda bwinobwino, anachiika pansi pa sutikesi pamene pankakhala nsalu ija, anatseka, n'kundiuza kuti nkhaniyi yatha.

Linali Loweruka, pa 5 Epulo, 2025.